Monitala ndi Kapepala Kake

 Lero ndifuna kuti tikambirane za ana athu a sukulu amene amapatsidwa udindo woyang'anira anzawo, ndiwo mamonitala a ku pulayimale, mapulifekiti a ku sekondale, ndi ena onse otsogolera timagulu ta pa sukulu. Nkhaniyi imaoneka ngati yaing'ono, ndipo nchifukwa chake kaŵirikaŵiri siikambidwa pa misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi, pamene timathera nthaŵi pa za njerwa ndi malata.

Ndiyambe ndi funso. Kupatula makolo anu ndi nyakwaŵa ya m'mudzi mwanu, kodi munthu woyamba kukulamulirani adali yani? Ambiri a ife tikakumbukira bwino tipeza kuti sadali wapolisi kapena bwana wa ku ntchito ayi. Adali mwana mnzathu, wovala yunifolomu yofwifwa ngati yathu yomwe, ataima kutsogolo kwa kalasi, kapepala kudzanja ili, pensulo kudzanja ilo, akulemba maina a olongolola. Kwa iyeyo ndi kumene tidaonera koyamba zimene munthu amachita akapatsidwa mphamvu pa anzake.

Ine ndisanayambe ntchito ya pa wailesi ndidaphunzira zauphunzitsi. Nditatha chaka choyamba ku koleji adanditumiza, monga mwa dongosolo, kukaphunzitsa chaka chathunthu pa sukulu ina ya kumudzi, ndipo adandipatsa Sitandade 4. Ana olembedwa m'kaundula adali opitirira 100, onse okhala pansi, mothithikana kotero kuti kuchoka pa bolodi kukafika kumbuyo kwa kalasi udali ulendo wodumpha miyendo. Ndikangotuluka kukatenga choko ku ofesi, m'kalasimo munkamveka ngati pa msika tsiku la Loŵeruka. Tsono ndidachita zimene aphunzitsi anga adachita kale kwa ine: ndidayang'anayang'ana, ndi kusankha mnyamata wamkulu msinkhu kuposa onse, amene adabwereza kalasiyo kaŵiri, ndi kumuuza kuti, "Iwe ndiwe monitala. Wolongolola aliyense uzimulemba dzina." Kuyambira tsiku limenelo kalasi yanga idati zii. Aphunzitsi aakulu podutsa pa windo adandiyamika, ndipo ine ndidadzimva kuti ndine katswiri.

Patapita masabata angapo ndidazindikira kuti maina a pa kapepala paja sankasintha. Adali a tiana tomwetomweto, tating'onoting'ono, ndipo dzina la kamtsikana kena kofatsa kwambiri silinkasoŵapo. Tsiku lina kakutchetcha udzu pa chibalo ndidakafunsa kuti, "Nanga iwe umalongolola chiyani tsiku ndi tsiku?" Kadayankha misozi ili chuchuchu, kuti, "Aphunzitsi, ine sindilongolola. Kwathu sandipatsa kanthu kodzadya ku sukulu." Apo mpamene zidaululika. Amene ankabwera ndi chitumbuwa, kanzimbe kapena mtedza wokazinga ankagaŵirako monitala uja, ndipo ankalongolola mmene afunira. Amene adalibe kanthu ndiwo ankadzaza kapepala, pakuti monitala sakadabwera kwa ine ndi pepala lopanda maina. Nditamuitana mnyamatayo sadakane. Adangoti, "Aphunzitsi, inu mudati ndizilemba maina. Mukapeza palibe dzina mumati sindikugwira ntchito."

Ndidamuchotsa pa udindowo ndili wokwiya, koma usiku ndili gone ndidaona kuti wolakwa wamkulu ndidali ine. Mwana wa zaka 14 ndidamupatsa mphamvu yolangitsa anzake, osamupatsa ntchito ina iliyonse yowathandiza. Sindidamuuze malire ake. Ndipo anzakewo sindidawapatse khomo lokadandaulira. Munthu wamkulu mukamuika pa malo otere, ambiri angachite zomwezo. Ana opitirira 100 adakhala mwezi wathunthu akuphunzira, m'kalasi yangayanga, kuti wokhala ndi kanthu m'thumba saopa mlandu.

Nanga mwambo umenewu udachokera kuti? Umonitala sudayambe ngati upolisi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, mbusa wina wa ku Scotland dzina lake Andrew Bell ankayang'anira sukulu ya ana amasiye ku Madras, m'dziko la India, ndipo posoŵa aphunzitsi okwanira adayamba kugwiritsa ntchito ana achangu kuti aziphunzitsa anzawo zilembo. M'chaka cha 1798 Joseph Lancaster adatsegula sukulu ya ana osauka ku London, momwe mphunzitsi mmodzi ankaphunzitsa ana okulirapo, ndipo iwo ankakaphunzitsa anzawo m'timagulu ting'onoting'ono. Ana amenewo ndiwo ankatchedwa mamonitala. Vuto lawo lidali lathu lomweli: ana ochuluka, aphunzitsi ochepa, ndalama palibe. Upulifekiti udakhwimira kwina, m'sukulu zogonera konko za ana a anthu olemera ku England. Thomas Arnold, amene adali mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya Rugby kuyambira 1828 mpaka 1842, adapatsa anyamata a kalasi yapamwamba mphamvu zosungitsa mwambo pakati pa anzawo, ngakhale kuwalanga kumene. Zonse ziŵirizi zidafika kuno ndi amishoni ndi boma la atsamunda, ndipo pamene sukulu zathu zoyamba za sekondale zinkatsegulidwa, ya Blantyre mu 1940, ya Akatolika ku Zomba mu 1942, ndi ya Dedza mu 1951, zidatengera kayendetsedwe ka ku England komweko. Chimene chimandidandaulitsa nchakuti pa ziŵirizi ife tidagwiritsitsa mbali yolanga, ndi kutaya mbali yothandiza mnzako kuŵerenga.

Kuno kwathu monitala sitingamuthetse, ndipo sindikunena kuti atheretu. Boma litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, chiŵerengero cha ana chidakwera m'chaka chimodzi kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ine ndine mmodzi wa ana amene adaloŵa sukulu khomo limeneli litatseguka, ndipo ndimathokoza. Koma cholinga cha boma choti mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana osapitirira 60 sichidafikiridwe m'sukulu zambiri, makamaka m'makalasi a m'munsi. Mphunzitsi wa ana 100 ali ndi maso aŵiri basi. Mutu umodzi susenza denga, adatero akuluakulu. Iye afunika ana omuthandiza. Funso ndi lakuti amuthandize chiyani.

Taonani ntchito zimene zilipo kale pa sukulu ya pulayimale. Pali woimba belu, amene m'malo ambiri belu lake ndi chitsulo cha gudumu la galimoto chopachikidwa pa mtengo wa mango. Mwana ameneyu amayendetsa sukulu yonse, aphunzitsi aakulu omwe, ndipo akaphonya nthaŵi aliyense amadziŵa. Palibe phunziro lina losunga nthaŵi loposa limeneli. Pali wogaŵa ndi kutolera mabuku, amene ayenera kuŵerenga kuti atuluka angati ndipo abwerera angati. Kumene ana amalandira phala, pali oyang'anira mzere kuti aang'ono asakankhidwe ndi aakulu. Pali kaputeni wa mpira wa miyendo ndi wa mpira wa manja, wotsogolera nyimbo pa mzere wa m'maŵa, woyang'anira dimba la sukulu ndi mitengo yobzalidwa kumene. Maudindo ameneŵa ndi ambiri ndithu, okwanira kuti pofika Sitandade 8 mwana aliyense akhale atalaŵako umodzi. Koma zimene zimachitika nzakuti onse amaunjikidwa pa ana atatu kapena anai omwewo: wanzeru m'kalasi, wamkulu thupi, ndi mwana wa aphunzitsi. Ndiponso tikamagaŵa timatsata chizoloŵezi cha kumudzi osadziŵa. Belu ndi mabuku timapereka kwa anyamata, tsache ndi ndowa kwa atsikana. Mtsikana amene kwa zaka zisanu ndi zitatu udindo wake wakhala woyang'anira osesa, tisadabwe akadzakana kuima pa chisankho atakula. Nanga mwana wolumala miyendo, amene sangathamange ndi mpira, chimamuletsa nchiyani kusunga kaundula wa mabuku?

Ku sekondale nkhani imakula, pakuti kumeneko mphamvu zake nzenizeni. Kuli hediboyi ndi hedigelo, ndipo pansi pawo pali mapulifekiti a ku holo yodyera, a ku malo ogona, a zaukhondo, a zamaseŵera, a zachisangalalo ndi a ku laibulale. Amene mudaphunzira sukulu yogonera konko mukudziŵa kuti pulifekiti wa ku holo yodyera ndi munthu woopedwa kuposa aphunzitsi ena. Iye ndiye amaima pafupi ndi mphika. Akakhala wabwino, mwana wa Folomu 1 amene wangofika kumene, wamanyazi, wosadziŵa kukankhana, amadya nsima yokwanira ngati wina aliyense. Akakhala woipa, mafuta a pamwamba pa nyemba ndi nthuli zazikulu za nyama zimathera m'mbale za anzake, otsalawo nkumwa msuzi. Chimodzimodzi usiku ku malo ogona, aphunzitsi atapita kunyumba zawo: kaya ana atsopano azunzidwa, kuchapitsidwa zovala za akuluakulu ndi kulandidwa shuga amene makolo adagula movutikira, kaya agona mwamtendere, zimadalira mnyamata kapena mtsikana wa zaka 17 amene tidamuveka baji. Unduna wa Maphunziro udaletsa kukwapula ana m'sukulu. Ngati mphunzitsi saloledwa kugwira mkwapulo, pulifekiti angaloledwe bwanji? Komabe alipo aphunzitsi amene amatsinzina dala, nkumasiya ana kuti achite zimene iwo akuopa kuchita ndi manja awo.

Tsono pali chinthu china chimene tonse tamvapo pa wailesi pano: ana a sekondale aswa magalasi, atentha ofesi kapena nyumba yosungiramo katundu, sukulu yatsekedwa, ndipo makolo auzidwa kuti alipire zoonongekazo mwana asanabwerere. Kuononga koteroko nkoipa, ndipo sindikuikira kumbuyo ngakhale pang'ono; laibulale ikapsa, amene amavutika ndi ang'ono awo omwe. Koma mukafufuza chiyambi chake, kaŵirikaŵiri mumapeza kanthu kamene kadayamba kale: nyemba zofumbwa, ufa wonunkha, madzi osoŵa, mnzawo wochotsedwa sukulu popanda kuwafotokozera. Mapulifekiti amakhala akudziŵa zonsezi masabata ambiri chipolowe chisanachitike, pakuti amadya nsima yomweyo. Chifukwa chiyani sanena? Ena amanena koma samvedwa. Ena sayesa nkomwe, popeza adaphunzitsidwa kuti ntchito yawo ndi kutenga mawu a aphunzitsi kupita nawo kwa ana, osati kutenga mawu a ana kupita nawo kwa aphunzitsi. Ndipo anzawo, powaona ngati akazitape a ku ofesi, amawabisira zimene akupangana. Nyakwaŵa imene imangobweretsa malamulo a kwa gulupu, osatengako madandaulo a mudzi kupita nawo kumeneko, anthu amaleka kuiuza kanthu.

Kumvera ana si chifundo chabe chimene mphunzitsi wamkulu angachite akadzuka bwino. Pangano la bungwe la United Nations la ufulu wa ana, la chaka cha 1989, limene dziko la Malaŵi lidavomereza mu 1991, m'gawo lake la 12 limapatsa mwana ufulu wonena maganizo ake pa nkhani zomukhudza, ndi kuti maganizowo aganiziridwe molingana ndi msinkhu wake. Anzathu a ku South Africa adaika zimenezi m'lamulo lawo la sukulu la 1996: sukulu iliyonse ya boma yokhala ndi ana a Giredi 8 kupita m'tsogolo iyenera kukhala ndi khonsolo yoimira ophunzira, ndipo ophunzira amakhala ndi mipando m'komiti yoyendetsa sukulu, pamodzi ndi makolo ndi aphunzitsi. Kuno sukulu zina zidayamba kale makhonsolo a ophunzira, ndipo nzoyamikika. Chofunika nchakuti khonsoloyo ikhale ndi tsiku lodziŵika lokumana ndi aphunzitsi aakulu, zokambidwa zilembedwe, ndipo pa msonkhano wotsatira ana auzidwe kuti pa zimene adapempha, ichi chatheka, ichi sichitheka, chifukwa chake ndi ichi. Ana amamva "ayi" wokhala ndi chifukwa. Chimene chimawapsetsa mtima ndi kuyankhulira m'chitsime.

Apa tifike pa nkhani imene aphunzitsi anzanga amatsutsana nane kwambiri, ya kasankhidwe. Ine ndimati atsogoleri a ana azisankhidwa ndi ana anzawo. Iwo amati, "Mukawalekerera asankha wanthabwala, kapena amene wawagulira masiwiti, kapena amene walonjeza kuti azidya nyama katatu pa sabata." Ndikuvomera, zoterezi zimachitika. Koma kodi ife akuluakulu sitidayambe tasankhapo munthu chifukwa cha nsalu ndi ndalama ya m'manja? Kuli bwino munthu alakwitse chisankho ali ndi zaka 13, aone yekha mmene wolonjeza nyama uja walepherera, kusiyana ndi kudzayamba kuphunzira zimenezi pa chisankho cha dziko. Ganizirani izi: m'dziko muno munthu amaponya voti akakwanitsa zaka 18. Alipo ambiri a Folomu 3 ndi Folomu 4 amene adakwanitsa zaka zimenezi. Dziko limawakhulupirira kuti asankhe mtsogoleri wa dziko, phungu ndi khansala, koma pa sukulu pawo timati sangathe kusankha woyang'anira mphika wa nyemba. Aphunzitsi ali ndi mbali yawo ndithu. Angathe kuika zoyenereza, monga kuti wopikisana asakhale ndi mlandu womenya mnzake, malinga zoyenerezazo zinenedwe poyera chisankho chisanachitike. Choipitsitsa ndi kuchititsa chisankho, ana nkuvota, kenaka aphunzitsi nkukasintha maina ku ofesi. Kuli bwino osachititsa nkomwe, pakuti ana amadziŵa kuŵerenga mavoti, ndipo phunziro limene amatolapo ndi loti kuvota nkutaya nthaŵi.

Sikuti utsogoleri uli m'baji mokha. Mwana amene sadasankhidwe upulifekiti ali ndi makomo ena ambiri. Bungwe la ophunzira achikhristu la SCOM lakhala m'sukulu zathu kuyambira 1961. Akatolika ali ndi YCS, ndipo ophunzira achisilamu ali ndi magulu awo. Kuli makalabu a zachilengedwe, a Edzi Toto, a mtsutso, a zisudzo, a Scout ndi a Girl Guide. M'timagulu timeneti muli wapampando, mlembi ndi msungichuma, ndipo ine ndimaona kuti maudindo aŵiri otsirizaŵa ndiwo amaphunzitsa kwambiri. Mtsikana amene wasunga ndalama zochepa za kalabu chaka chathunthu, nkuimirira pamaso pa anzake kufotokoza kuti zidaloŵa zingati, zidatuluka zingati, zatsala zingati, waphunzira chinthu chimene makomiti ambiri a chitukuko m'midzi mwathu chimawavuta. Kuyambira 2012 kuli Nyumba ya Malamulo ya Achinyamata, koma kumeneko kumapita oŵerengeka. Kalabu ya pa sukulu ndiyo ili pafupi ndi aliyense. Ndikudziŵa kuti m'sukulu za sekondale zoyendera, kumene ana amachokera mitunda italiitali wapansi kapena pa njinga, belu lotsiriza likangolira aliyense amathamangira kwawo dzuŵa lisanaloŵe. Kumeneko makalabu amafa msanga ngati sapatsidwa nthaŵi yawoyawo mkati mwa tsiku la sukulu, ngakhale ola limodzi pa sabata.

Kwa inu makolo ndili ndi mawu aŵiri. Mwana akabwera kudzakuuzani kuti amusankha udindo, musafulumire kunena kuti zimenezo zimulepheretsa mayeso. Mufunseni kuti ntchito yake ndi yotani, ndipo pakapita nthaŵi mufunsenso kuti wathandiza yani. Komanso khalani tcheru, pakuti kulipo kugwiritsa ntchito ana molakwika kumene kumabisala m'dzina la udindo. Monitala amene amakhala akulemba notsi pa bolodi tsiku lonse aphunzitsi ali ku malonda awo, kapena hedigelo amene amatumidwa kukatunga madzi ndi kulera mwana kunyumba kwa aphunzitsi nthaŵi ya maphunziro, ameneyo sakuphunzira utsogoleri, akuberedwa sukulu. Zotere mukazinene ku komiti ya sukulu kapena kwa amayi a gulu loyang'anira atsikana.

Mwina mukufuna kudziŵa kuti kalasi yanga ija idatha bwanji. Nditachotsa monitala uja ndidagaŵa anawo m'magulu khumi, ndi kuuza gulu lililonse kuti lisankhe wolitsogolera, woti azigaŵa mabuku, kuona amene sadabwere, ndi kuthandiza amene kuŵerenga kukumuvuta. Kenaka tidasankha mamonitala aŵiri a kalasi yonse, mnyamata ndi mtsikana. Mapepala ovotera tidalibe, choncho mwana aliyense adatola kamwala panja, nkumaloŵa mmodzimmodzi kukaponya m'chitini cha amene wamufuna, zitinizo zitabisika kuseri kwa tebulo langa. Tidaŵerenga timiyalato mokweza, kalasi yonse ikuŵerengera limodzi. Kapepala ka olongolola ndidakathetsa, ndipo ndidati Lachisanu lililonse mamonitala azindiuza zimene zikuvuta anzawo.

Sindikunamizani, kalasiyo siidakhalenso chete ngati kale, ndipo aphunzitsi aakulu sadandiyamikenso pa windo paja. Lachisanu loyamba mtsikana amene adasankhidwayo adaima patsogolo panga akupotokola chala, nati, "Aphunzitsi, a kumbuyo akuti saona pa bolodi, chifukwa mumalemba m'munsi ndipo mitu ya a kutsogolo imatchinga. Ndiye amafunsana kuti mwalemba chiyani, inu mumayesa akulongolola." Ndidapita kumbuyo kwa kalasi, ndi kukhala pansi pamene ankakhala iwo. Mizere itatu ya m'munsi mwa bolodi sinkaoneka ngakhale pang'ono. Ndidali nditaphunzitsa m'chipinda chimenecho miyezi inai. Lolemba lotsatira ndidajambula mzere wa choko pakati pa bolodi, ndipo sindidalembenso kunsi kwake. Mnyamata wamkulu uja gulu lake lidamusankha kuti azinyamula bokosi la mabuku kuchokera ku ofesi, ndipo mpaka ndidachoka pa sukulupo silidasoŵe buku ngakhale limodzi.